Tsabola wakale ndi homuweki ya lero

Makolo anati tsabola wakale sawawa. Ankanena za munthu woumirira nzeru za dzana pomwe dziko lasuntha kale. Sankadziwa kuti mwambiwu udzagwira pakhosi amayi a m'komboni ya Mandevu ku Zambia, amene anapatsidwa ntchito ya uphunzitsi osaifunsira, popanda choko, popanda malipiro.

Ntchitoyi inabwera ndi matenda. Mu Malichi 2020 boma linatseka masukulu chifukwa cha korona, ndipo ana a makalasi ang'onoang'ono anakhala pakhomo mpaka Seputembala. Mu 2024 kolera inachitanso zake: sukulu zoyenera kutsegulidwa pa 8 Januwale zinadikira mpaka 12 Febuluwale, bwalo la mpira la National Heroes litasanduka chipatala. Onjezani maphunziro aulere amene anayamba mu 2022. Makalasi anadzaza mpaka pakhomo, moti mwana amapita m'mawa n'kubwerako nsima isanapse, kope lili ndi mizere iwiri yokha. Zotsalazo ndi za amake.

Amakewo sachita mantha. Anafika Giredi 9, ndipo satifiketi ilipo, pansi pa sutikesi, pamodzi ndi makadi a ku sikelo. Amayala mphasa pafupi ndi mbaula, mwana akhala, ndiwo zikubwata, sukulu yayamba.

"Zambia ili ndi zigawo zingati?"

"Teni."

"Naini! Ukusewera eti?"

"Amami, aticha anati teni."

Mwana akunena zoona. Chigawo cha Muchinga chinabadwa mu 2011, nthawi ya Michael Sata, mayi ali kalikiliki kuchapa matewera. Athawire kumwamba, akawerenge mapulaneti, nakonso zinthu zinasintha: akatswiri a zakuthambo anachotsa Pluto pamndandanda mu 2006 osadziwitsa aliyense wa m'makomboni a Chaisa kapena Marapodi. Abwerere ku masamu, kumene kulibe bodza, apeza kuti zitsanzo za m'mutu mwawo zidakali za buledi wa masauzande, chonsecho kwacha inadulidwa maziro atatu mu 2013. Ngakhale Giredi 8 imene ankanyadira, silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025 ikuitcha Fomu 1. Tsabola uja amuthira wambiri, koma mwana sakutsokomola n'komwe.

Apa mpamene pamaonekera luso la mayi wa m'komboni. Sagonja pamaso pa mwana. Amati, "Ndimakuyesa, ndione ngati umamvetsera m'kalasi." Funso likakula, amatulutsa khobidi pachitenje: "Thamanga pa kantemba ukagule pamela." Mwana asanakhote pangodya, foni yatuluka, chala chikufufuza pa intaneti, bandulo ikutha ngati mchere wobwereka. Akamabwera ndi kaufa kake, apeza mayi ali phee, yankho lili pakamwa, nkhope ya munthu amene anadziwa kalekale.

Koma chinyengo chotere sichikhalitsa, poti ufa sungagulidwe kasanu pa tsiku. Motero ambiri anayamba kutsogola tsamba limodzi. Ana akagona, mayi amatsegula chikwama, n'kuwerenga za mawa. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, malaiti akusowa usana ndi usiku, kuwerengako kunali kwa tochi ya foni, maso ali tong'o, milomo ikuyenda. Tsamba limodzi limaitana linzake. Munthu amene anangofuna kudziwa kugawa manambala aatali amapezeka wamaliza buku lonse la sayansi, n'kuyamba kufotokozera anzake pampopi chifukwa chake madzi a m'chitsime chosaya amatsegula m'mimba. Pepala lokulungira vitumbuwa saliponyanso pamoto asanaliwerenge mbali zonse ziwiri, mafuta ndi mafuta omwe. Pa chilimba, ndalama zikatha kuwerengedwa, nkhani imene kale inali ya mwamuna wa uje tsopano ndi ya mafulakishoni.

Ena afika polembetsa mayeso a GCE, amene bungwe la Examinations Council of Zambia limalembetsa anthu ochokera kunyumba. Pakati pawo pali amene anasiya sukulu ndi mimba, ndipo ngakhale lamulo la 1997 linkawalola kubwerera atabereka, panalibe womusiyira khanda. Khanda lija lero ndi limene lawabwezera ku mabuku, ndipo ndi mphunzitsi wankhanza kuposa onse amene anawadziwa, chifukwa likaona cholakwa limakalengeza kwa ana onse a pamzere wa nyumba.

Phindu lenileni silili pa mayankho. Mwana sachita zimene wauzidwa, amachita zimene waona, paja make mbuu, mwana mbuu. Mayi wokuwa kuti "werenga!" maso ali pa filimu amalera wokonda mafilimu. Amene amakanganirana buku ndi mwana wake safunikanso kukuwa.

Otsala ndi abambo. Iwo tsabola wawo sanamuyesepo, choncho akuti adakali wowawa. Akafika madzulo, mwana n'kuwatambasulira kope, amaliyang'ana mozama, kugwedeza mutu, n'kunena mawu amene akhala akuwapulumutsa chiyambire: "Izi n'zophweka kwambiri, kafunse amako." Ndiye kumapeto kwa temu, lipoti likabwera labwino, ndi iwo amene amalinyamula kukaonetsa anzawo ku bawa, akuti mwanayu mutu anatengera kuchimuna.