Kuthamanga Sikufika

Makolo athu, amene sanaonepo galimoto ngakhale kumaloto, amenenso ulendo wawo wautali unali wochoka kuno kwa Kaphuka kutsetserekera kunyanja kukasinthanitsa nyemba ndi usipa, anatisiyira mwambi wakuti kuthamanga sikufika. Ndipo ife adzukulu awo, pokhala anthu a sukulu, takhala tikuyesa kuti ankangotonthoza nawo nkhalamba zotsalira m'mbuyo panjira, pamene iwo ankalosera tsoka limene likugwera anthu achuma a ku Johannesburg, ku London ndi ku Los Angeles masiku ano. Pakuti kumeneko kuli magalimoto a liwiro loposa makilomita 300 pa ola, oti atapatsidwa msewu wa M1 wopanda mbuzi akhoza kunyamuka pa boma la Dedza nakafika ku Lilongwe mphindi 20 zisanathe. Komabe limadza tsiku lina m'mamawa pamene mwini wake atuluka m'nyumba, makiyi ali m'manja, mafuta onunkhira ali m'khosi, napeza galimoto yake yakhala pa njerwa, matayala onse anayi atapita ndi mdima.

Mbiri imeneyi imatipeza kudzera mwa ana athu a ku Joni, kumene agogo awo ankapita pa Wenela kukakumba golide, koma iwo lero amalondera zipata ndi kuthirira maluwa m'mipanda ya ku Sandton. Zithunzi zimene amatumiza pa WhatsApp zimayenda m'manja mwa anthu pa msika wa Chimbiya, ndipo ndiyenera kunena mopanda chinyengo kuti sindinamvepo munthu ndi mmodzi yemwe akudandaula nazo.

Taonani kunyada kwa amisiri a magalimotowa. Enzo Ferrari, amene galimoto yoyamba ya dzina lake inatuluka ku Maranello m'dziko la Italy mu 1947, anaika kavalo wodumpha pamphumi pa galimoto zake; ndipo Ferruccio Lamborghini, amene anayamba ndi kupanga mathirakitala (chinthu chimene mlimi aliyense ayenera kumulemekeza nacho, ngakhale kuti mu 1963 anasochera n'kuyamba za liwiro), anasankha nkhunzi yolusa. Koma amene anamvetsera bwino ku Sande sukulu akumbukira kuti Farao nayenso anali ndi akavalo ndi magaleta osankhika, opambana onse a m'nthawi yake, ndi kuti pamene inakwana nthawi yakuti achepetsedwe pakati pa Nyanja Yofiira, chilango chinayambira ku magudumu. Sindikunena kuti mbala za lero zikugwira ntchito ya Mulungu, kutalitali. Ndikungoona kuti zinamvetsa phunzirolo kuposa ife madikoni.

Wina adzafunsa kuti, nanga wakubayo, popeza wafika kale pagalimoto, bwanji osangoitenga yonse? Yankho lake likuonetsa kuti umbava nawo uli ndi akaganyu ndi akatswiri ake. Galimoto yotere ili ndi nambala pa injini ndi pa thupi, ili ndi kachipangizo kobisika kouza mwini wake kumene yapita, ili ndi alamu, ndipo poyenda imabangula kotero kuti mzinda wonse umacheuka. Woiba ndiye kuti wadzimangirira belu m'khosi. Koma tayala ndi rimu yake zilibe pakamwa. Palibe wapolisi wa pamsewu amene amagwada kufunsa rimu kuti kwanu n'kuti, pamene mtengo wa marimu anayi otere ungagule ng'ombe ziwiri zapagoli pamodzi ndi ngolo yake, n'kutsalanso ya feteleza. Zida zake n'zochepa: jeke yafupi yokhoza kulowa pansi pa galimoto yokwawa, sipanala ya batire, ndi anyamata awiri kapena atatu osakonda kucheza pantchito. Pa mpikisano wa magalimoto wa ku Qatar mu 2023, amisiri a kampani ya McLaren anasintha matayala anayi m'masekondi 1.8, dziko lonse n'kuwaombera m'manja; koma iwo anali gulu la anthu pafupifupi 20, magetsi akuwala, popanda galu wowauwa, ndiponso anali ndi mwayi wakuti mwini galimoto anavomereza.

Za njerwa zija, ena amati ndi ulemu wa wakuba, kuti safuna kugoneka chuma cha mnzake pa dothi. Ayi ndithu. Amangofuna kusolola jeke yake kuti akaigwiritsenso ntchito pa nyumba yotsatira.

Eni magalimoto sanagone. Anagula manati achinsinsi, amene samasuka popanda kiyi wake wapadera. Koma poopa kuti tayala lingawaphwere panjira kiyiyo ali kunyumba, amamusunga m'galimoto momwemo, m'kabokosi ka kutsogolo, kumene wakuba amayambira kuyang'ana akaswa galasi. Ndipo ngakhale osaswa galasi, mbala yodziwa ntchito imakhomerera chitsulo pa natiyo ndi hamala mpaka itagonja. A Porsche, pa magalimoto awo ena othamanga kwambiri, amamanga tayala ndi nati imodzi yokha yaikulu pakati, yofuna sipanala yaitali yapadera, ndipo wakuba wamba imamugonjetsadi. Koma katswiri amene wagula sipanala imeneyo amathokoza kuti m'malo mwa manati 20 wamasula 4. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Tisadziyese oyera kuno kwathu, pakuti matayala a ngolo, amene ambiri ndi otsala ku magalimoto akale, nawonso amasowa usiku, makamaka nyengo yokumba mbatata ya kachewere pamene ngolo iliyonse ili ndi ganyu. Kusiyana kwake n'kwakuti mlimi wa kwa Kaphuka anapeza mankhwala kalekale. Njinga yake imagona kuchipinda, pafupi ndi mphasa kuposa ana ake omwe. Ndipo alipo ena amene dzuwa likamalowa amagulula okha tayala limodzi la ngolo nalilowetsa m'nyumba, kudzibera okha wakuba asanafike, kotero kuti mbala ikabwera imapeza ntchito yagwiridwa kale, n'kubwerera ili ndi manyazi. Bwana wa ku Sandton sangachite zimenezi, chifukwa sadziwa kumene jeke imakhala, ndipo mlonda amene akudziwa anamulamula kuti ayang'ane kuchipata.

Ngakhale matayala ake atasiyidwa, sindikhulupirira kuti galimoto yotere ingafike pakhomo panga. Mimba yake ili pafupi ndi nthaka kotero kuti zitunda zochepetsa liwiro za pa misika ya m'mbali mwa M1 zingaipalepale isanapatuke n'komwe kulowa msewu wafumbi. Pa chipata cha msonkho wa pamsewu cha Kalinyeke ingaime kulipira monga aimira wina aliyense. Ndipo amene anagona pa mizere ya mafuta mu 2011 ndi 2012, ndi m'zaka zaposachedwazi, akudziwa kuti pamzere Benz ndi minibasi zimayenda liwiro limodzi, wa kabaza n'kumazidutsa akuliza belu.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi wakuba amene angalakwitse njira n'kubwera ndi katundu wakeyo ku msika wathu. Rimu yachitsulo ya lole timaidziwa ntchito yake: timaipachika pa mtengo kuti iitane ana kusukulu ndi akhristu kumapemphero, ndipo ina amaisandutsa mbaula. Koma rimu ya Ferrari, pokhala ya aluminiyamu, ikamenyedwa silira zomveka kutsidya kwa Linthipe, ndipo tayala lake n'lopyapyala m'mbali ndi lotambalala mosathandiza. Wosoka nkhwayira adzalitembenuza kawiri n'kulibweza; mwini ngolo adzawerenga mabowo a mabawuti n'kupukusa mutu; ndipo potsiriza adzafika wosungunula miphika ndi sikelo yake, nadzafunsa mwaulemu ngati zivundikiro zake abwera nazo kapena aumbe yekha.