Ulemu kwa Mfumu ya Kugwa

Nkhwazi taitamanda mpaka kukhosi kuuma. Lero ndiloleni ndiombere m'manja mkulu amene tidamuiwala, chule wa m'nkhalango za Borneo ndi Sumatra, amene dziko lonse limamutcha wouluka ngakhale sadaulukepo chibadwire.

Phiko alibe, nthenga alibe. Ntchito yake ndi kugwa, koma kugwa kwake n'kwaulemerero. Akafuna kutsika m'mitengo ya kumeneko, imene ina imapitirira mamita 60, amangodziponya n'kutambasula zala. Pakati pa zalazo pali khungu lakuda lotambalala, moti manja ndi mapazi amasanduka maambulera anayi. Amayandama chotsetsereka mtunda wa mamita ngati 15, kenako n'kukamatirira panthambi ina ndi timbale ta kunsonga kwa zala. Zonsezi akuchita kanyama kotalika masentimita 8 mpaka 10. Ife tikagwa timadzuka msangamsanga, n'kusasa fumbi, maso mwazumwazu kuona ngati wina watiseka. Iye akagwa, akatswiri amatenga cholembera.

Ngakhale dzina adalipeza ngati bwana. Mu 1855, katswiri wa zachilengedwe Alfred Russel Wallace ali ku Sarawak, pachilumba cha Borneo, wantchito wina wa ku China adamubweretsera chule, nati wamuona akutsika mumtengo ngati akuuluka. Wallace adalemba nkhaniyi m'buku lake la The Malay Archipelago la 1869, ndipo mu 1895 katswiri wina, George Boulenger, adapatsa chuleyu dzina lasayansi lakuti Rhacophorus nigropalmatus, mawu achiwiriwo kutanthauza wa zikhatho zakuda. Lero amatchedwa chule wa Wallace. Wantchito uja, amene adaona ndi maso ake, dzina lake silidalowe m'bukumo. Chule adamuposa.

Mtundu wake ndi waukulu. Kumapiri a Western Ghats ku India kuli mbale wake Rhacophorus malabaricus, naye katswiri wa kugwa. Ku Costa Rica ndi Panama kuli Agalychnis spurrelli, wa banja lina, amene adatulukira luso lomweli payekha, popanda kumvana ndi a ku Asia. Nzeru zikakhala zenizeni sizidikira mtenga.

Nanga kaleredwe ka ana? Apa mpovula chipewa. Mayi amasankha nthambi yolendewera pamwamba pa thamanda, ngakhale chithaphwi chimene nguluwe zimasambamo matope, poti ulemu wake sufuna madzi oyera. Amatakasa madzi a m'thupi mwake ndi miyendo yakumbuyo mpaka thovu tho, n'kuikiramo mazira. Ambululu akaswa, chisacho chimasungunuka ndipo onse amagwera m'madzi. Phunziro loyamba la mwana ndi kugwa, sukulu ya ulere yopanda mayeso obwereza. Kachule kakangotaya mchira kamavala chovala chofiira cha mathothomathotho oyera, kuti adani akayese zitosi za mbalame. Ndi mwana uti wa mfumu angadzichepetse chotero? Zovala zake zobiriwira zokongola amazivala atakula, ngozi itachepa.

Nafenso sitili kutali ndi banja lachifumuli. Amene adayendapo m'chigwa cha Shire kapena cha Luangwa nthawi ya dzinja adaonapo mpira wa thovu loyera utakanirira panthambi pamwamba pa dziwe. Mwini wake ndi Chiromantis xerampelina, msuweni wa chule wa Wallace, wotuwa, amene amayera thupi dzuwa likaswa mtengo. Wathuyu adatengera kutakasa thovu, koma maambulera aakulu adatsalira kutsidya la nyanja. Tisadandaule: si banja lonse limalowa ufumu.

Akuluakulu adati chouluka chimatera. Ambiri timaumva mwambiwu ndi khutu limodzi. Tikakwera pampando timaiwala pansi, ndipo tsiku lotsika timagwa chagada, manja ali m'thumba. Chule yekha ndiye adamvetsa mwambiwu mpaka kuzala. Adaona kuti aliyense wokhala pamwamba adzatsika ndithu, ndipo m'malo mopempha mapiko, adakulitsa zikhatho.

Choncho, a Chule, landirani ulemu wanu. Musatsike kudzaulandira, tikudziwa kuti mufika nokha.