Mzukwa wopanda udindo ku Lusaka

Kumanda nakonso kuli apamwamba ndi anthu wamba. Ku Embassy Park, m'mbali mwa Independence Avenue, kwagona a Mwanawasa, a Chiluba, a Sata, a Kaunda ndi a Rupiah Banda, ndipo alendo amapita kukajambulitsa. Mzukwa wathuyu wagona kumanda akale a Leopards Hill, kuja udzu umatalika kuposa mitanda. Chikwangwani cha dzina lake anazula anyamata ogulitsa zitsulo zakutha, choncho m'kaundula wa kutsidya anangomulemba kuti "ndi ena otero".

Anamwalira usiku wa pa 12 February 2012, Chipolopolo ikumenya mapenate ndi Ivory Coast ku Libreville. Stoppila Sunzu atangoyamba kuthamangira mpira, mtima wa mkuluyu unati zii. Atafika kutsidya sanafunse za kumwamba kapena za kumoto. Anagwira mlonda wa pachipata dzanja: "Bwana, walowa?"

*

Ku ofesi yolembetsa anapeza mzere wautali kuposa Cairo Road. Atafika pawindo, kalaliki anamufunsa NRC, chitupa cha unzika.

"Inatsala m'thumba la jekete, ndipo jeketelo anatenga alamu anga maliro asanatuluke."

"Ndiye mubwere mawa."

"Koma bwana, paja akuti kuno kulibe usiku, kulibe mawa?"

"N'chifukwa chake ndatero," anatero kalaliki, natseka windo.

*

Ntchito zabwino zinali zitatha kale. Misewu ikuluikulu anapatsa mizukwa yokongola ija yoimitsa madalaivala usiku, nyumba zakale zachitsamunda anapatsa mizukwa yodziwa Chingelezi. Iye anamuuza kuti azingoyendayenda m'tauni n'kumaopseza aliyense amene ali ndi mpata.

Anayambira ku Kulima Tower. Anakwera minibasi ya ku Chelstone, natulutsa K5,000 yapepala imene anamuikira m'bokosi. Sankadziwa kuti pa 1 January 2013 boma linadula maziro atatu pa kwacha. Kondakitala anaitembenuza uku ndi uku.

"Mudala, iyi ndalama inafa kudala."

"Inenso ndinafa," anayankha ndi mawu a pansi pa nthaka, akuyembekeza kuti anthu atulukira pawindo.

Kondakitala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Manje ngati munafa, simulema. Nkhalani pa mendo ya amai aba, tikwezepo wina."

Anafika pa thanki ya ku Chelstone ali pamiyendo pa mayi wogulitsa kapenta, ndipo mayiwo anamupatsa beseni kuti awanyamulire.

*

Anaganiza kuti olemera ndiwo amantha, poti ali ndi zambiri zoti asiye. Anapita ku Kabulonga, nadutsa mpanda wa njerwa ndi waya wamagetsi osagogoda. Agalu awiri anamununkhiza, napeza kuti palibe poluma, nabwerera kukagona. M'khitchini anakumana ndi dona wa panyumbapo, maso ali pafoni. Donayo anangoona ndi ngodya ya diso chinthu chovala zoyera.

"Ndiwe watsopano uja? Wachedwa. Mbale zili apo."

Ali moyo sanatsutsepo bwana, ndiye akanayambira pati? Anatsuka mbale, nakolopa, nasita malaya mpaka kutha kwa mwezi. Tsiku la malipiro dona anamuuza kuti zinthu zavuta. Apo mzukwa ndiye unachita mantha, n'kuthawa.

*

Luso limodzi lokha limene anaphunzitsidwa linali lozimitsa magetsi. Tsoka lake anakaliyesa ku Woodlands mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi akusowa pafupifupi tsiku lonse. Anakhala padenga kudikira kuti abwere kuti awazimitse. Sanabwere. Atatopa anagwira waya mwaukali, babu ya pabalaza n'kuphethira.

"Malaiti abwela!" anakuwa ana.

Nyumba yonse inadzuka. Wina ndi chaja, wina ndi simbi, agogo ndi ketulo. Atamutulukira kudengako, bambo wa panyumbapo anagwada: "Akulu, musachoke. Gwirani pomwepo mpaka filiji izizire." Pofika m'mawa aneba anali atapanga mzere pageti, aliyense ndi chingwe chake.

*

Ku Kabwata analowa m'tchalitchi china cha mapemphero ausiku wonse, kungofuna kufunsa njira. Abusa atamuona anasangalala kwambiri, poti kuyambira madzulo panalibe chiwanda chimene chinabwera.

"Dzina lako ndani?"

"Anaba, abusa."

"Muli angati mmenemo?"

"Ndili ndekha."

"Wakutuma ndani? Azakhali ake a mlongoyu?"

"Palibe wandituma. Ndikufuna njira ya ku Chilenje."

Abusa anachotsa maikolofoni pakamwa namunong'oneza: "Mwana wa mayi anga, ingogwako pansi ukuwe pang'ono. Anthuwa apereka kale chopereka." Anagwa, nakuwa. Mpaka lero amati ndi tsiku lokhalo limene anthu anamuombera m'manja.

*

Pobwerera anagogoda pa chitseko china pakati pa usiku. M'katimo munamveka chipwirikiti, wailesi n'kuzima, kenako mawu a mwamuna wamkulu akuyesa kulankhula ngati mwana: "Adadi kulibe!"

"Ndine mzukwa."

Chitseko chinatseguka nthawi yomweyo. "Ah, mwanichititsa mantha, nenze naganiza ni ba landlord. Ngenani. Mulibeko ka K20 mpaka pa month end?"

*

Chimene chinamupweteka kwambiri anachipeza masana, atapita kukaona ofesi imene ankagwirako ntchito ya umesenjala. Anasuzumira pa kompyuta ya owerengera ndalama, naona dzina lake lonse, lolembedwa bwino kuposa mmene linalili pamtanda. Malipiro akutuluka mwezi ndi mwezi. Chimwalirireni anamukweza kawiri, anapita kumaphunziro ku Livingstone, ndipo chaka chatha analandira ndalama ya tchuthi. Ali moyo ankalembedwa kuti ndi waulesi, koma tsopano fayilo yake ikuti sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi.

Ngati ndinu amene mukulandira malipirowo, wandituma kuti musade nkhawa, sakasuma kulikonse, poti alibe NRC. Akungopempha ya basi yobwerera ku Leopards Hill, ndipo ikhale ya ndalama zatsopano.