Chidindo Chodula Kuposa Malata

Sabata yatha, pakhomo pa ofesi ina yovomereza mapulani a nyumba, dobadoba anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kunena kuti, "Bigi, mukalowa nokha mutulukamo ndi imvi." Chondiwawa n'choti mnyamatayo sankanama.

Dobadoba salembedwa ntchito pamalopo, komatu amalawirira kuposa wosesa. Jekete yonyezimira savula ngakhale dzuwa la mu Okutobala liswe mtengo. M'khwapa muli envelopu yakhaki yofewa ndi thukuta, m'manja mafoni awiri: ina yosweka galasi, ina yopanda mayunitsi. Amadziwa komwe bwana wa chidindo amadyera mang'ina masana, kabati yomwe mafailo "osowa" amagona, ndi mtengo wowadzutsira. Mtengowo amautchula kuti "ya Fanta", koma Fanta yake ndi yokwanira ukwati wonse.

M'katimo pulani yako iyenda ulendo. Wa zaumoyo aione, wozimitsa moto aione, injiniya aione, wa malo atsimikize kuti poloti ndi yakodi, kenako idikire komiti. Komitiyo ikumana liti? "Mubwere Lachinayi." Lachinayi lija: "Abwana ali ku msonkhano kunyanja." Mutu wa msonkhanowo ndi kufulumizitsa ntchito zothandiza anthu.

Pulani ikamagona, simenti sigona. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo yemwe anasunga ndalama ya malata a nyumba yonse anadzuka ali ndi ya pabalaza ndi chipinda chimodzi. Tisamadabwe tikaona nyumba zaimira pawindo, papaya atamera pabalaza mpaka kubereka, mwini wake akukhala m'boyizikota "mongoyembekezera" kufikira mwana wake woyamba kuvinidwira chinkhoswe pomwepo.

Nafenso tili ndi nthenda yathu: mpanda. Munthu chimbudzi sanakumbe, koma wazunguliza kale khoma lalitali, mabotolo osweka pamwamba, geti lakuda lochenjeza za galu wolusa. Galuyo akulondera mulu wa mchenga, umenenso aneba akutapa usiku ndi ndowa.

Ku Mtandire, Kauma, Ndirande ndi Mbayani ambiri sadikira chidindo. Amfumu amangoloza ndi ndodo: "Kuyambira pamango apa mpaka pachulu apo." Loweruka khoma, Lamulungu malata, Lolemba alendi alowa kale. Kenako tonse timagwira pakamwa ambulansi ikasowa polowera, kapena chitsime chikapezeka chikupatsana moni ndi chimbudzi. Anthuwa sadana ndi lamulo ayi. Lamulolo ndi lomwe linakwera mtengo n'kuwasiya pasiteji.

Chonsecho mankhwala alipo, ndipo safuna ndalama zakunja. Makhonsolo akhale ndi mapulani ojambuliratu a nyumba za zipinda ziwiri kapena zitatu, munthu asankhe, alipire zochepa, akayambe maziko. Maofesi onse aja akhale pawindo limodzi. Pulani ikatha masiku oikika osayankhidwa, tiziti yavomerezedwa. Mapoloti adulidwe ang'onoang'ono, chifukwa si aliyense akufuna kapinga wa ku Area 10 kapena ku Namiwawa. Ena tikungofuna poyanika zovala. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga zake ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo, kusonyeza kuti akuluakulu akafuna, lamulo limasintha.

Nanga n'chifukwa chiyani izi sizisintha? Chifukwa pamzere wautali pali anthu odyerapo. Mzerewo ukafupika, dobadoba agulitsa jekete, ndipo wina m'katimo ayamba kugula yekha nkhomaliro.

Pakadali pano, nyumba yokhayo yomwe Mmalawi wamba amamangiridwa tsiku limodzi, popanda pulani, injiniya kapena komiti, ndi ija amakonza adzukulu. Poloti yake ndi yaying'ono zedi, koma palibe mwini wake anabwerapo kudzadandaula.