Chuluke chuluke ngwa njuchi: mlandu wa mkunga wasowa mwini

Pabwalo la milandu akuluakulu sankalola dandaulo lopanda dzina. Ukafika n'kunena kuti anthu a m'mudzi muno andilakwira, nyakwawa inkakudula pakamwa: chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Mwambiwu unali woteteza osalakwa, kuti mudzi wonse usalipe mbuzi chifukwa cha mkamwini mmodzi. Koma masiku ano wapeza ganyu ina imene eni ake sanaiganizire: wasanduka loya wa olakwa. Munthu akaona kuti mlandu ukumuyandikira amathawira m'gulu la anzake, podziwa kuti wodandaula watupa kale maso ndipo saloza aliyense. Amene waona zakuda ndi loya ameneyu ndi mkunga, nsomba yaitali yoterera ija, umene ukutha m'mitsinje ya ku Ulaya, ku Japan ndi ku North America pamene oluma onse akulumbira kuti mbola si yawo.

Tivomereze kuti mkunga ndi wodandaula wovuta, chifukwa ngakhale kwawo sunena. Aristotle anaufufuza n'kugamula kuti umabadwa m'matope. Mu 1876 mnyamata wina dzina lake Sigmund Freud anatumbula mikunga pafupifupi 400 ku Trieste kufunafuna ziwalo zaumuna, ndipo zitamukanika anakatchuka ndi kumasulira maloto a anthu, mwina ataona kuti kumeneko n'kosavuta. Johannes Schmidt wa ku Denmark ndiye anaumirira. Anayendayenda panyanja ya Atlantic zaka pafupifupi 20 akukoka ukonde, kutsata tiana tamkunga tooneka ngati tsamba, kufuna kumene timapezeka tating'onoting'ono kwambiri, mpaka mu 1922 analengeza kuti kwawo ndi ku Sargasso Sea. Kuchokera kumeneko tianato timatengeka ndi madzi makilomita oposa 5,000, n'kufika kumagombe a ku Ulaya tili toonekera mkati, totalika ngati chala. Timakwera mitsinje, timakula, timakhala m'matope zaka 10 kapena 20, kenako tsiku lina mkunga umasiya kudya, maso amakula, mimba imasanduka yasiliva, n'kuuyamba ulendo wobwerera ku Sargasso kukaswa kamodzi kokha ndi kufa. Mpaka lero palibe munthu anaonapo mikunga ya ku Ulaya ikuswana. Nsomba ya ulendo wotere imadutsa pakhomo pa aliyense, ndipo aliyense amapeza mpata woiluma.

Kuti yalumidwa, palibe akutsutsa. Bungwe la ICES, limene limalangiza mayiko a ku Ulaya pa za usodzi, limayerekeza tiana tofika kumagombe ndi mmene tinkafikira pakati pa 1960 ndi 1979. Pa tiana 100 ta nthawi imeneyo, m'madera ambiri m'zaka zaposachedwa takhala tikufika pafupifupi 10 kapena kucheperapo, ndipo ku North Sea n'kamodzi kapena osakwana n'komwe. Bungwe la IUCN linaika mkunga wa ku Ulaya pa gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu mu 2008, ndipo mu 2014 wa ku Japan ndi wa ku America inalowanso m'kaundula wa zamoyo zili pangozi. Iyitu ndi nsomba imene kale ku England inali yochuluka moti anthu ankalipira nayo lendi ya minda ndi zigayo.

Tsono itanani oimbidwa mlandu mumve. Msodzi akuti iye amangotola zotsala, wakupha ndi damu. Sakunama: kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 anapeza kuti m'mitsinje ya mayiko 36 a ku Ulaya muli zotchinga zosachepera 1.2 miliyoni, ndipo mkunga waukulu ukamatsika n'kulowa m'makina opukusa magetsi, thupi lake lalitali limakumana ndi mapiko a chitsulo n'kutuluka lili nthulinthuli. Mwini damu akuti ayi, funsani mafakitale amene anathira poizoni m'madzi. Nayenso sakunama, chifukwa mkunga ndi nsomba yamafuta yokhala pansi pa matope, ndipo poizoni amaunjikana m'mafuta omwewo amene umadalira paulendo wake wosadya. Wa fakitale akuloza nyongolotsi yotchedwa Anguillicola crassus, imene inafika ku Ulaya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pamodzi ndi mikunga yamoyo yochokera kum'mawa kwa Asia, n'kumaononga kathumba ka mpweya kothandiza nsomba kukwera ndi kutsika m'madzi. Nyongolotsiyo ikanakhala ndi pakamwa ikanaloza kusintha kwa nyengo. Ndipo poti kusintha kwa nyengo kulibe ofesi kapena nambala ya foni, mlandu umathera pomwepo, nthumwi n'kulandira alawansi, msonkhano wina chaka chamawa.

Apa m'pamene mwambi uja akuupotoza. Akuluakulu sananene kuti zikakuluma njuchi zisanu ukhale chete mpaka udziwe imene inayamba. Anati unene yakuluma, ndipo zikakhala zisanu uzinene zisanuzo, kuyambira imene ili pafupi ndi dzanja. Mafunde a Atlantic sitingawaitanire kubwalo chaka chino. Nyongolotsi inalowa kale ndipo siituluka. Koma ukonde uli ndi mwini wake, damu lili ndi mwini wake, ndipo onsewa ali ndi ziphaso zosainidwa ndi boma. N'chifukwa chake kuyambira mu 2021 ICES yakhala ikulangiza kuti mkunga wa ku Ulaya usagwidwe n'komwe, waukulu kapena kamwana. Nduna za usodzi zimaumva uphunguwu mwaulemu, n'kutseka usodzi miyezi ingapo, n'kuutsegulanso.

Ena ati musavutike, mikunga yambiri imene anthu amadya ndi yoweta m'maiwe. Mawuwa amakoma m'khutu mpaka utafunsa kumene mbewu imachokera. Akatswiri a ku Japan anakwanitsa mu 2010 kuswetsa mkunga kuchokera ku makolo obadwira m'thanki, koma njirayo ikadali yodula moti sinafalikire pamsika. Choncho mkunga woweta umene umaotchedwa pa makala ku Tokyo tsiku la Doyo no Ushi no Hi, pamene anthu amaudya kuti apirire kutentha kwa chilimwe, unagwidwa kumtsinje uli kamwana. Kumeneko si kuweta, n'kunenepetsa mwana wa eni. Ndipo poti mbewu ndi yosowa, mtengo wake wapenga: ku Maine, m'dziko la America, paundi imodzi ya tianato yagulidwapo madola oposa 2,000. Bungwe la mayiko a ku Ulaya la EU litaletsa kugulitsa mkunga wake kunja mu 2010, malonda analowa m'masutikesi. Tiana timaikidwa m'matumba a pulasitiki, madzi pang'ono, mpweya wambiri, mabotolo a madzi oundana m'mbali kuti tisatenthedwe, munthu n'kukwera ndege ngati wopita kokacheza. Mu 2017 pa bwalo la ndege la Heathrow anagwira makilogalamu 200 atabisidwa pansi pa nsomba zina, akupita ku Hong Kong.

Pamenepa wina anena kuti mwaona, kuletsa kumangobala katangale. Yankho lake n'lakuti wozembetsa amabisala bwino pamene pali malonda ololedwa, chifukwa kamwana kachilolezo ndi kakuba n'kofanana nkhope, ndipo chikalata chimodzi chimatha kuperekeza matumba ambiri. Dandaulo lolemera ndi la asodzi enieni, monga a ku Lough Neagh ku Northern Ireland, amene mabanja awo adalira mkunga mibadwomibadwo ndipo sanamange damu ngakhale limodzi. Iwowa akafunsa chifukwa chake chilango chikuyambira pa wosauka, funso lawo ndi lachilungamo. Koma mapeto ake si kumasula onse. Ngati msodzi akuuzidwa kupachika ukonde, apatsidwe chipukutamisozi, ndipo tsiku lomwelo mwini damu alamulidwe kumanga makwerero a mikunga, kutchinga pakamwa pa makina ake, kapena kuwaimitsa usiku wamdima wamvula pamene mikunga ikuluikulu imatsika. Zonsezi n'zodziwika ndipo kwina zikuchitika. Chovuta n'chakuti msodzi alibe loya, pamene kampani ya magetsi ili nawo odzaza minibasi. Okonda kudya nawonso asalire kwambiri. Ku Spain, kumene timikunga tokazinga ndi adyo tinali chakudya cha pa Khirisimasi, kuyambira mu 1991 akhala akudya tabodza topangidwa ndi mnofu wa nsomba ina, totchedwa gulas, ndipo Khirisimasi ikufikabe pa 25 December.

Tisaiyese nkhani ya azungu okha. Msika ukatsekedwa kwina, ogula amasamuka: anapita ku America, ku Philippines, ku Indonesia, ndipo anafika ku Madagascar kudzagula tiana ta Anguilla mossambica, mtundu umene umakweranso mitsinje ya kum'mawa ndi kumwera kwa Africa kuchokera m'nyanja ya Indian. Mikunga ya m'Zambezi ndi kumunsi kwa Shire imachokera kunyanja yomweyo, ndipo yofuna kukwera Zambezi inapeza khoma la Kariba mu 1959, kenako la Cahora Bassa mu 1974. Ife amene timadziwa kukoma kwa magetsi chifukwa chowasowa sitinganene kuti madamu asamangidwe. Koma pali pulani yomanga lina ku Mphanda Nkuwa, kumunsi kwa Cahora Bassa, ndipo pakadali pano lili papepala. Inu mainjiniya ndi a ndalama amene mukujambula khomalo, jambulanipo ndi njira ya mkunga simenti isanathiridwe.