Mzukwa wa Mzungu Supempha Chiliza

Kuno ku England munthu akamwalira n'kukana kugona, abale ake sathamangira kwa sing'anga. Amasindikiza matikiti. Nyumba ikangomveka kuti usiku mumayenda wina wopanda mapazi, anthu anzeru zawo, ena a madigiri, amalipira ndalama kuti akachezere mumdima kudikira kuti chitseko chilire. Ine mwana wa ku Ntcheu, amene ndinaleredwa kuti kadzidzi akalira padenga uyambe kulapa machimo ako ndi a anzako omwe, ndimaonerera zimenezi nsanje itandigwira pakhosi. Anzathuwa akudyerera akufa. Kwathu akufa ndi amene amatidyerera.

Tauni ya Middlesbrough, kumene ndikusamalira agogo a eni ake kuti ana anga adye, si yakale kwenikweni. Mu 1801 kunali anthu pafupifupi 25 basi. Chinaikuza ndi chitsulo, moti kampani ya kuno ya Dorman Long ndiyo inamanga mlatho wotchuka wa ku Sydney umene unatsegulidwa mu 1932. Koma ng'anjo zazikulu za ku Redcar zinazima mu 2015, amuna ambiri n'kukhala manja lende. Amene sanachotsedwe ntchito ndi mizukwa. Ku Acklam Hall, chinyumba chimene a William Hustler anamanga cha m'ma 1680, amati kuli mayi wovala zotuwa amene amayenda m'makonde usiku. Ndinafunsa mnzanga wa kuntchito kuti mayiyo amafuna chiyani. Anati palibe, amangoyenda. Zaka zonsezi, osapempha nkhuku, osaitanitsa mowa, osatchula ngakhale amene anamuchita chipongwe. Mzukwa wopanda madandaulo ndinali ndisanaumvepo.

Tsono poti mizukwa yawo ndi yofatsa, anthu akuno amaiseka, ndipo kusekako nakonso ndi malonda. Katswiri wa nthabwala Bob Mortimer, wobadwira mu Middlesbrough momuno mu 1959, anasiya ntchito ya uloya n'kuyamba kuseketsa anthu. M'chaka cha 2000 ndi 2001 iye ndi mnzake Vic Reeves anasewera pa BBC sewero la Randall and Hopkirk, limene linayamba laonetsedwapo mu 1969 ndi anthu ena. Nkhani yake ndi ya atekitivi awiri: mmodzi aphedwa, n'kubwerera ali mzukwa wovala suti yoyera, wooneka kwa mnzake yekhayo, ndipo apitiriza kufufuzira limodzi milandu. Taganizani, munthu wafa koma akubwerabe kuntchito, osafunsa za malipiro.

Mukakwera sitima kuchoka pano kutsata chigwa cha Esk mufika ku Whitby, kumene Bram Stoker anakocheza chombo cha Dracula m'buku lake la 1897. Kumenekonso ndi kumene mlembi Paul Magrs anaika amayi ake awiri achikulire, Brenda ndi Effie, kuyambira ndi buku la Never the Bride la mu 2006. Brenda ali ndi nyumba yogona alendo, koma chinsinsi chake n'chakuti ndi mkwatibwi uja anachita kusokedwa ndi Frankenstein. Effie amagulitsa katundu wakale, ndipo ndi mdzukulu wa mfiti. Masana amamwa tiyi, usiku amasaka zilombo. Kwathu amayi awiri otere nkhani yawo ikanathera pabwalo la amfumu tsamba loyamba lisanathe.

Nditawerenga zonsezi ndinati nanenso ndilemba langa. Mwini nkhani akhala Mmalawi wa ku Middlesbrough, masana wosamalira okalamba, usiku wofufuza za mizimu, wamaso oona zimene ena saona. Nditawauza mayi a kunyumba, anandiyang'ana kuyambira kuphazi.

"Abambo, inu nomwe amene mumandidzutsa kuti ndikuperekezeni kubafa magetsi akathima?"

Ndinawayankha kuti mlembi weniweni amachita kafukufuku. Ndinalipira tikiti n'kulowa m'gulu la osaka mizukwa limene linkakachezera m'nyumba ina yakale kunja kwa tauni. Pofuna kulimbitsa mtima, ndinayamba ndadya parmo, chakudya chimene anthu a kuno amanyadira: nyama ya nkhuku yokazinga, pamwamba msuzi woyera wonona, pamwamba pakenso tchizi. M'thumba ndinaikamo mchere pang'ono. Musandifunse chifukwa. Mkulu wa mpingo sayankha mafunso otere.

Anzangawo anabwera ndi zida: matochi, choyezera kuzizira, chojambulira mawu, ndi kabokosi kothwanima timagetsi kakamva mphamvu ya magetsi pafupi. Sing'anga wa kwathu amanyamula nsupa ndi mchira, awa amanyamula mabatire. Panalinso mayi wina wa mphatso yolankhula ndi mizimu. Anatsinzina, n'kunena kuti akumva kuti pali bambo wina amene dzina lake limayamba ndi J. Anthu anagwira pakamwa. Ine ndinangoti mumtima, m'dziko limene manda ake adzaza ndi a John ndi a James, ulauli wotere ngakhale ine ndikhoza.

Kenaka anazimitsa matochi. Wotsogolera anayamba kulankhula ndi mdima mwaulemu kwambiri, kupempha kuti ngati pali wina, chonde agogode kawiri, ndipo pamapeto anathokoza. Tonse tinakhala chete. M'chetemo parmo uja anayamba kulankhula. Mimba yanga inabangula motsitsa, motalika, ngati chigayo cha dizilo chikamayamba m'mamawa. Chojambulira chinatola zonse. Anabwereza kumvetsera, ndipo mayi wa mphatso uja anati wamva bwinobwino kuti bambo J akuti tichoke m'nyumba mwake. Wina misozi inalengeza. Ndinakhala duu. Ndine yani ine, mlendo wa viza, kuti ndilande mzukwa wa eni dziko ntchito?

Posakhalitsa chitseko china chinamenyeka m'chipinda cham'mwamba. Azungu onse anathamangira kumene kunachokera phokosolo, akukankhana pamasitepe, aliyense kufuna kufika woyamba. Nanenso ndinathamanga, ndipo liwiro ndinawaposa onse, kungoti tinasiyana kolowera. Anandipeza pamalo oimika galimoto ndikuwaza mchere pamatayala a galimoto ya munthu wina. Ndinawauza kuti ndi chifukwa cha chisanu. Anandiyamikira kuti ndine munthu woganizira ena.

Boma la kuno linaipezera njira nkhani imeneyi. Kale linali ndi lamulo la 1951 lolanga onamizira kulankhula ndi mizimu, koma mu 2008 analichotsa n'kuika nkhaniyi pansi pa malamulo oteteza ogula. Ndiye chifukwa chake olaula ambiri amalemba patikiti kuti zonsezi ndi zongosangalatsa. Mzimu wasanduka katundu wa m'sitolo. Ife atsamunda omwewa anatisiyira lamulo la ufiti la 1911, loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti komanso kudzitcha mfiti. Chaka chomwecho kuno anatsegula mlatho wa Transporter, uja unkaolotsa anthu ndi galimoto pa mtsinje wa Tees m'chibokosi cholendewera. Mlathowo anautseka mu 2019 poopa ngozi. Lamulo lathu lija lakhala m'mabuku zaka zoposa 100, koma pitani kumudzi mukaone ngati pali amene analimva.

Nditabwerera kunyumba ndinakhala pansi kulemba. Chaputala choyamba chinayenda bwino. Tekitivi wanga anapeza mnzake womuthandiza, mzukwa wa Chimalawi, ndipo ndinauveka suti yoyera monga mwa mwambo wake. Vuto linayamba mzukwawo utatsegula pakamwa. Sunafune kumva za mlandu. Unayamba kufunsa kuti njinga yake anatenga ndani, bwanji mkazi wake anakwatiwa msanga, nanga mbuzi zija pamaliro anapha zingati. Pofika chaputala chachitatu, wakupha anali akuyenda mfulu mu msewu wa Linthorpe pamene tekitivi wanga ali pamzere wotumiza ndalama kumudzi. Ndinayesa kuseka, koma dzanja linkanjenjemera. Apa m'pamene pali kusiyana. Mngelezi amaseka mzukwa chifukwa si m'bale wake. Mayi wa zotuwa uja alibe mdzukulu woti amusowetse tulo. Athu ali ndi mayina, amadziwa kumene tikukhala, ndipo tili nawo ngongole.

Ndili mkati molimbana ndi chaputala chachinayi, foni inalira. Anali amalume.

"Mphwanga, agogo ako abwera kutulo kwa azakhali ako. Akuti mvula ikuwanyowetsa. Chiliza chija mpaka liti?"

Ndinati, "Amalume, adzukulutu tilipo ambiri."

"Atchula iweyo. Akuti uja wa ku UK."

Agogo anga anamwalira osadziwa kumene kuli Lilongwe, koma lero akudziwa UK, ndipo mndandanda umene amalume anawerenga unaonetsa kuti akutsatiranso bwino mtengo wa paundi: simenti, matailosi, mchenga, mbuzi, mpunga, ndi mowa wa adzukulu okumba manda. Pofuna kugwiritsa ntchito zimene ndinaphunzira pa kafukufuku, ndinapempha mwaulemu kuti agogo agogode kawiri ngati theka la ndalamazo lingakwane.

Amalume anakhala kaye chete. Kenaka anati, "Agogo ako sagogoda, mphwanga. Amadwalitsa."

Ndinatumiza zonse usiku womwewo, ndi ya mtengo wotapira yomwe. M'mawa mayi a kunyumba anapeza mapepala anga patebulo, nawerenga pang'ono, n'kufunsa akupukuta kapu:

"Ndiye abambo, tekitivi wanuyu pomaliza wagwira ndani?"

Ndinavala yunifolomu, n'kutenga chikwama. "Wagwira ovataimu, mayi."