Kodi Mbatata Yowiritsa Idalakwanji ku Ofesi?

Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndiye ine ndifunse ndithu, kaya mundiseka. Nkhani yake ndi ya chakudya chimene anthu ofuna kuchepetsa thupi amanyamula popita kuntchito. A zaumoyo ndawamvera pawailesi, m'makontena a anzanga ndasuzumiramo masana, koma mutu wanga sukugwirabe.

Choyamba, kodi tikufuna kunenepa kapena kuonda? Munthu akapita kumudzi pa Khirisimasi masaya ali phwiii, azakhali amamulandira ndi nthungululu: "Koma ndiye m'tauni mukukuyanjatu, mwana wa achimwene!" Akapita thalauza likukhwepa, azakhali omwewo amamukokera kuseri kwa nkhokwe: "Tandiuza zoona, kuchipatala wapitako?" Chonsecho kuchipatalako ndi kumene anamwino amuuza kuti achepetse thupi chifukwa BP yakwera ndipo matenda a shuga akugogoda. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyeso, pamene ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 anali opinimbira. Dziko lake limodzi lomweli. Nanga munthu amvere ndani, azakhali kapena anamwino?

Chabwino, tinene kuti wamvera anamwino. Anyamule chiyani m'kontenamo? Odziwa amati nyemba, khobwe kapena nandolo. Amati bonongwe, chisoso kapena mkhwani. Amati mbatata yowiritsa, makamaka yofiira mkati ija poti ili ndi vitamini A, dzira lowiritsa, usipa, kachipatso pambali, kuti magulu 6 a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa akwane pa tsiku. Abale, kodi izi si zimene agogo amadya tsiku lililonse asanamve n'komwe za dayeti? Nanga bwanji ife tikati tiyambe kuchepetsa thupi timathamangira kugolosale yaikulu kukagula maapozi ochokera ku South Africa, magwafa akuwolera pansi kuseri kwa nyumba? Gwafa ali ndi vitamini C wochuluka kuposa lalanje. Kapena chipatso chimayamba kupatsa thanzi chikamatidwa kapepala ka mtengo?

Pali china chimene ndimaona chikakwana 12 koloko. Wonyamula mbatata amatsegula kontena lake atatembenukira kukhoma, kapena amadikira anzake atuluke. Wogula tchipisi pachiwaya amalowa nacho mwamatama, kajumbo kali noninoni, fungo lili ponseponse. Koma tchipisicho si kachewere wa ku Dedza kapena ku Ntcheu yemweyu? Kachewere wowiritsa wolemera magalamu 100 amapereka makalori osafika 100. Akamira m'chiwaya amatuluka ndi makalori pafupifupi 300. Chachikulu chimene chasintha ndi mafuta: galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9 pamene ya ufa ili ndi pafupifupi 4, ndipo supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira imanyamula pafupifupi 120. Ndiye chochititsa manyazi n'chiti apa? Munthu amalipira ndalama zambiri kuti anenepe, mawa n'kukalipiranso kujimu kuti aonde, uku akuseka mnzake amene sadalipire konsekonse. Masamu amenewa adawaphunzira kusukulu iti?

Za nsima ndiye zimandizunguza kwambiri. Timatenga chimanga kupita nacho kuchigayo kukakonola, madeya n'kupatsa nkhuku ndi nkhumba, mphale n'kuviika masiku angapo, kenako n'kugayitsa ufa woyera mbee. Tsopano akutiuza kuti zimene tidapatsa nkhuku zija ndiye zofunika: gaga amachititsa kuti chakudya chisamathe msanga m'mimba, munthu n'kukhala wokhuta nthawi yaitali osalakalaka mandasi. Ndiye kuti mgaiwa uja tinkaunyoza kuti ndi wa kusukulu yogonera ndi wa nthawi ya njala ndi umene wasanduka wa mabwana? Ndipo musafulumire kusangalala, chifukwa akuti mgaiwa womwewo ukadya mitanda 4 unenepa nawo ndithu. Akuti theka la mbale likhale masamba, theka linalo zigawane nsima ndi nyemba kapena nsomba. Ife tidakula tikuuzidwa kuti ndiwo n'zoperekezera nsima, ndipo mwana wotapa ndiwo zambiri ankamenyedwa padzanja. Lero akuti nsima ndiyo iziperekeza ndiwo. Amayi amene adatimenya padzanja aja tikawafotokozera bwanji?

Tibwere ku zakumwa. Ndimaona munthu akukana nsima masana, amvekere: "Ayi, ine ndili pa dayeti," kenako n'kutsegula botolo la zoziziritsa kukhosi. M'botolo la Coca-Cola la 300 ml muli shuga pafupifupi magalamu 32, omwe ndi masupuni a tiyi pafupifupi 8. Bungwe la World Health Organization limati shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire magalamu 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo kuli bwino atatsika kufika pa 25. Onjezani masupuni 3 a mu tiyi wam'mawa, ena 3 a mu tiyi wa 10 koloko, kapu ya Sobo madzulo. Kodi thupi limawerenga zokhazo zimene tatafuna, zomwa n'kuzikhululukira? Ena amayankha kuti shuga wa Illovo ali ndi vitamini A, ndipo n'zoona, amathiramo. Koma poti vitamini yemweyo ali mu mbatata yofiira, mu papaya, mu mango ndi mu masamba obiriwira, n'chifukwa chiyani timamufunafuna m'kapu ya tiyi? Nalo thobwa la pamsewu amalitsekemeretsa ndi shuga. Madzi a pampopi adatilakwira chiyani?

Tsono pali zotolatola za pakati pa chakudya. Ndinkamva kuti mtedza ndi wabwino, ndipo ndi wabwinodi. Koma magalamu 100 a mtedza ali ndi makalori opitirira 550, kuposa tchipisi cha muyeso womwewo. Akuti wokwanira ndi wodzaza chikhatho chimodzi, ndipo wachuku ndi wofota uzitayidwa chifukwa chukucho chimawononga chiwindi. Koma ndani adatsegulapo pepala la mtedza wokazinga patebulo la ntchito n'kulekeza pa chikhatho chimodzi? Mwina nzeru yake n'kuyezeratu kunyumba, thumba lonse n'kulisiya komweko. Peyala nalonso akuti theka lakwana. Nthochi, chimanga chootcha, mbuliwuli zopanda shuga, nkhaka, masuku ndi masawu pa nyengo yake, zonsezi zilipo pamsika ndipo sizidula kwenikweni. Nanga bwanji amene amapambana tsiku lililonse ndi mayi wa mandasi? Ine ndikuganiza kuti mayiyu amadziwa chinthu chimodzi chimene ife timaiwala: amafika 10 koloko, nthawi imene yense wochoka kunyumba osadya kanthu kuti aonde wayamba kunjenjemera ndi njala. Kodi kusala chakudya cham'mawa n'kudzadya mandasi 3 ndiye kuchepetsa thupiko?

Funso lina ndi la kutentha. Chakudya chaphikidwa 5 koloko m'mawa, chakwera minibasi, chakhala m'chikwama pansi pa desiki mpaka masana, mwezi wake Okutobala. A World Health Organization omwe aja amati chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola 2 chisanalowe m'firiji. Nyemba zimasasa, masamba otendera sachedwa kuwonongeka, mpunga wokhalitsa umatsegula m'mimba. Kuonda kwa m'mimba motsegula sindikukhulupirira kuti ndi kumene anamwino ankanena. Ndiye wopanda firiji kuntchito atani? Kapena agule fudiwoma yosunga kutentha, kapena adalire zimene Mulungu adazikutira kale: nthochi ndi malalanje osasenda, mtedza, tomato wosadula woti akadule nthawi yodya yomweyo. Apanso tabwerera ku kamba wa agogo popita kumunda.

Nanga za ulemu? Kwathu kuno munthu sadya mnzake akuyang'ana. Wayeza bwinobwino kamtanda kamodzi, nyemba ndi masamba, ndiye pakhomo patulukira mnzake. "Tiyeni tisambe m'manja, achimwene." Achimwenewo sakana. Chakudya cha munthu mmodzi chadyedwa ndi awiri, 3 koloko njala yabweranso, onse awiri ulendo wa kuchiwaya. Tsiku lina mnzako wabwera ndi keke ya tsiku lake lobadwa. Ukakana akuti wayamba kunyada. Kodi sizingatheke kuti anthu a ofesi imodzi agwirizane, wina azibweretsa masamba, wina nyemba, wina zipatso, n'kumadyera pamodzi monga kale pachidyerano? Chipereganyu cha ndalama timachitha mwezi ndi mwezi osaphonya. Cha ndiwo chingatikanike?

Lomaliza ndifunse mabwana, mwaulemu ndithu. M'maofesi ambiri firiji ilimo, koma ndi yosungira zakumwa za pamsonkhano, ndipo kontena la wantchito likapezekamo limatulutsidwa. Pamisonkhanopo, ngakhale yokambirana za matenda a shuga ndi BP, nthawi yopuma ikakwana patebulo pamabwera masamusa, masoseji, mabisiketi ndi mabotolo a zotsekemera. Wophunzitsa amene wangomaliza kunena za masupuni 8 aja amatsegula lake, ophunzira n'kutsegula awo. Ndalama yogulira kireti imodzi ya zakumwa ingagule nthochi ndi mtedza zokwanira chipinda chonse. Kodi amene amasainira ndalama ya zakudya za pamsonkhano amakhala ali panja phunziro likamaperekedwa?